Mafunso ndi mayankho: mitengo ya makomiki akale, ndi kusiyana kwa wowerenga ndi wosunga

Mafunso awa amakonda kubwera kuchokera kwa anthu a mitundu iwiri: amene angomva pa nkhani kuti kabuku kena ka zithunzi kagulidwa ndalama zankhaninkhani, ndi amene apeza katoni ya makomiki akale kwa achibale n'kuyamba kuwerengera chuma mumtima. Mayankho akukhudza kwambiri makomiki a ku America, a Superman, Batman, Spider-Man ndi anzawo, poti kumeneko ndiye kuli msika waukulu wa malondawa. Mitengo yonse ili m'madola a ku America.

Kodi n'zoona kuti komiki imodzi inagulidwa madola mamiliyoni?

N'zoona, ndipo si kamodzi. Action Comics nambala 1, imene inatuluka mu 1938 ndipo ndi mmene Superman anaonekera koyamba, inkagulitsidwa masenti 10. Mu 2010 kope lina la komikiyi linagulidwa madola 1 miliyoni. Mu 2014 lina linapita pa madola 3.2 miliyoni pa eBay, msika wa pa intaneti, ndipo mu Epulo 2024 kampani ya okushoni ya Heritage Auctions inagulitsa lina madola 6 miliyoni. Spider-Man naye sali kumbuyo kwenikweni: Amazing Fantasy nambala 15 ya mu 1962, ya masenti 12, inagulidwa madola 3.6 miliyoni mu 2021. Chowawa pa nkhaniyi n'chakuti anyamata awiri amene anayambitsa Superman, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anagulitsa umwini wake wonse madola 130 okha.

Koma musatengeke. Awa ndi makope owerengeka amene amamveka pa nkhani. Makomiki akale ambiri amangogona m'makatoni pansi pa tebulo m'masitolo, dola imodzi iliyonse, ndipo ena ngakhale pa dolapo sayenda.

Ndiye kuti komiki ikangokhala yakale si kuti ndi yodula?

Ayi ndithu. Zaka pazokha sizikweza mtengo. Wogula amafunsa kuti makope otsala ndi angati, anthu olifuna kopelo ndi ochuluka bwanji, ndiponso lasungika motani. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, mtengo umagwa. Alipo makomiki a m'ma 1940 a tinyama toseketsa amene ndi osowa kwambiri, koma palibe amene amatikumbuka tinyamato, motero amagulidwa motchipa kuposa The Walking Dead nambala 1 ya mu 2003, imene anaisindikiza makope zikwi zochepa chabe, nkhani yake n'kudzatchuka pa TV pambuyo pake.

Mwaona kuti pa mafunso atatuwo palibe lakuti nkhaniyo ndi yokoma kapena ayi. Msika sufunsa zimenezo.

Anasindikiza makope ambirimbiri. Nanga onsewo anapita kuti?

Anthu a m'ma 1930 ndi 1940 sankaona komiki ngati chinthu chosunga. Inali ya ana, yosindikizidwa pa pepala lotchipa la nyuzipepala. Mwana ankaipinda n'kuilowetsa m'thumba la kabudula, kusinthana ndi anzake, kudulamo zithunzi, mayi ake akamasesa n'kuitaya. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ku America kunali ntchito yotolera mapepala akale kuti akapangirenso zinthu zofunika kunkhondo, ndipo makomiki osawerengeka anathera komweko. Nkhondo itatha kunabuka mantha akuti makomiki akuwononga ana. M'matauni ena akuluakulu ankawaunjika n'kuwayatsa moto poyera, ndipo mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, anakapereka umboni wotsutsa makomiki pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate. Apo n'kuti makope amene sanagulidwe m'masitolo ankawang'amba chikuto, eni sitolo n'kubwezeredwa ndalama, otsalawo n'kuwonongedwa.

Action Comics nambala 1 anaisindikiza makope pafupifupi 200,000. Odziwa za malondawa amati amene atsala ndi pafupifupi 100, ndipo ambiri mwa amenewo ndi othaitha.

Ndili ndi makomiki a m'ma 1990, ena sanatsegulidwe n'komwe m'pulasitiki yake. Ndalemera?

Pepani, koma mwina ayi. Funso ili ndi limene limagwetsa anthu ambiri mphwayi, ndiye tiyeni tikhalepo pang'ono.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nyuzipepala za ku America zinayamba kulemba za makomiki akale ogulidwa ndalama zambiri. Anthu amene sanawerengepo komiki chibadwire anakhamukira m'masitolo, kumagula makope asanu kapena khumi a komiki imodzi, ati adzalipirire ana sukulu. Makampani ataona zimenezi sanachedwe. Anayamba kutulutsa "nambala 1" motsatizana, zikuto zonyezimira, zikuto zotukuka, makomiki omatidwa m'pulasitiki muli timakadi. X-Men nambala 1 ya mu 1991, yojambulidwa ndi Jim Lee, inatuluka ndi zikuto zisanu zosiyana kuti munthu agule zonse, ndipo makope ake anaposa 8 miliyoni. Chakumapeto kwa 1992 kampani ya DC inapha Superman mu nambala 75 ya komiki yake, n'kuitulutsa m'pulasitiki yakuda muli kansalu kamaliro komanga pamkono. Anthu anaima pa mizere yaitali kuigula. Patangopita miyezi ingapo, Superman anauka.

Vuto lake linali losavuta kuliona, kungoti anthu sankafuna kuliona. Makomiki a 1938 ndi odula chifukwa palibe amene anawasunga. A 1991 aliyense anawasunga, mosamala, mamiliyoni ake. Eni ake atafuna kugulitsa anapeza kuti aliyense amene akanagula ali nawo kale anayi kunyumba. Msika unagwa, masitolo ambiri a makomiki anatsekedwa, ndipo mu Disembala 1996 kampani ya Marvel inakalembetsa kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole. Mpaka lero makope wamba a X-Men ija amagulidwa madola ochepa chabe.

Alipo makope ena a nthawi imeneyo amene ali ndi mtengo, makamaka amene munthu wodzatchuka anaonekeramo koyamba anthu asanazindikire. Koma chilichonse chimene pachikuto analembapo kuti n'chosunga, dziwani kuti ambiri anachisungadi.

N'chifukwa chiyani nambala 181 ingakhale yodula kwambiri pamene 182 ndi yotchipa, chonsecho ndi za chaka chimodzi?

Osonkhanitsa amalimbirana makope amene munachitika chinthu koyamba: munthu watsopano kuonekera, wina kufa, wojambula wotchuka kuyamba ntchito. The Incredible Hulk nambala 181 ya mu 1974 ndi imene Wolverine, ngwazi ina yotchuka ya m'makomiki a Marvel, anaonekeramo nkhani yonse koyamba. Mu nambala 180 amangotulukira pa chithunzi chomaliza, ndipo anthu akhala akukangana zaka zambiri kuti kuonekera koyamba kwenikweni ndi kuti, koma msika unasankha 181. Nambala 182 imatsalira kutali, ngakhale pepala lake, inki yake ndi zaka zake n'zofanana.

Mafilimu amasonkhezera moto. Mphekesera ikangomveka kuti munthu wakutiwakuti aonekera mufilimu, kope limene anayambira limakwera mtengo sabata yomweyo. Kawirikawiri filimuyo ikatuluka mtengo umayamba kutsika, chifukwa amene ankagula kuti adzagulitse amatulutsa katundu wawo nthawi imodzi.

Amati chachikulu ndi giredi. Giredi ya komiki amaiona bwanji?

Mlimi wa fodya sangavutike kumva zimenezi: tsamba la m'munda umodzi, koma ku okushoni mitengo kusiyana kutalitali chifukwa cha giredi. Makomiki amawapatsa nambala kuyambira 0.5 mpaka 10. Woika giredi amayang'ana ngodya ngati zili zosongoka kapena zabuntha, timizere toyera pamsana tobwera chifukwa chotsegula kwambiri, timawaya tiwiri togwira masamba pakati ngati tachita dzimbiri n'kudetsa pepala, chikuto ngati chikadali chowala, ndi mtundu wa masamba. Pepala la nyuzipepala lili ndi asidi amene amalidya pang'onopang'ono. Limayamba loyera, kenako lachikasu, kenako lofiirira, pomaliza limangothetheka mukaligwira. Makope amene ankatumizidwa pa positi kwa olembetsa nthawi zambiri ankapindidwa pakati, ndipo mzere umenewo suchoka.

Mtengo sukwera mofanana ndi nambala. Kusiyana kwa 9.4 ndi 9.8 munthu wamba sangakuone ndi maso, koma kope la 9.8 lingagulidwe kangapo kuposa la 9.4, chifukwa makope ofika pamenepo ndi ochepa ndipo olemera amalimbirana lapamwamba kwambiri.

Mu 2013 munthu wina amene ankakonza nyumba yakale ku Minnesota, ku America, anapeza Action Comics nambala 1 mkati mwa khoma, pakati pa nyuzipepala zimene omanga anatsekera mphepo. Pokangana ndi wachibale amene anafuna kuigwira, chikuto chakumbuyo chinang'ambika. Giredi yake inathera pa 1.5, ndipo inagulidwa madola 175,000. Ogulitsa anati kung'ambika kuja kunadya madola pafupifupi 75,000.

Chinanso: m'ma 1974 kampani ya Marvel inkaika kasitampa kodula mkati mwa makomiki ake, kuti ana azitolera. Hulk 181 ija ili nako. Ana ambiri anamvera, anatenga sizasi. Lero kope limene lilibe kasitampako limatsika mtengo kwambiri, ngakhale kunja likuoneka bwino. N'chifukwa chake wogula wochenjera amawerenga masamba limodzilimodzi.

Nanga makomiki otsekeredwa m'chipulasitiki cholimba aja n'chiyani?

Kale wogulitsa ankati kope lake n'labwino zedi, wogula n'kumati ayi, ndipo pogula kudzera pa positi anthu ankagwiritsidwa fuwa la moto. Mu 2000 kampani ya CGC ya ku America inayamba ntchito yoika giredi ngati mkhalapakati. Mumatumiza komiki, mumalipira, iwo amaiunika n'kuitsekera m'chikombole choonekera mkati, pamwamba pali chikalata cha giredi. Chikalata chabuluu ndi cha kope losakhudzidwa, chapepo ndi cha kope lokonzedwa, chachikasu ndi cha kope limene mlembi kapena wojambula anasainira pamaso pa mboni yawo, ndipo chobiriwira ndi cha kope lokhala ndi chilema chapadera, monga kusowa kwa kasitampa kaja. Amalembanso chiwerengero cha makope amene awaona pa giredi iliyonse, ndipo ogula amachiyang'ana kwambiri. Kampani ina yochita zomwezi ndi CBCS.

Chikombolecho mukachitsegula, giredi yatha ntchito. Ndiye kuti komiki yotsekeredwa ndi buku limene mwini wake amangoona chikuto chakutsogolo ndi chakumbuyo basi. Kwa kope la 1939 limene lingathetheke m'manja, zimenezi n'zomveka. Koma kuona munthu akutsekera komiki imene yatuluka mwezi watha, osaiwerenga n'komwe, ine zimandidabwitsabe.

Komiki yanga yang'ambika pang'ono. Ndiimate ndi selotepi?

Musayerekeze. Guluu wa selotepi amalowerera m'pepala n'kusiya banga lofiirira. Musapakenso inki pamene mtundu wasuluka, musadule m'mphepete kuti muwongoke, ndipo chonde musaipange lamineti ngati satifiketi ya sukulu. Osonkhanitsa amakonda kope long'ambika koma losakhudzidwa kuposa lokongola lokonzedwa, ndipo chikalata chapepo chija chimagwetsa mtengo kwambiri. Chimene ambiri amachilola ndi kuwongola makwinya ndi makina otenthetsa pang'ono, popanda kuwonjezerapo kanthu, koma imeneyo ndi ntchito ya odziwa, osati ya simbi ya kunyumba.

Pa intaneti ndaona komiki imodzimodzi, wina akuti madola 20, wina akuti 2,000. Zoona n'ziti?

Choyamba, mtengo woitanira si mtengo wogulira. Aliyense angalembe nambala imene akufuna. Pa eBay sankhani kuona zimene zagulidwa kale, muone ndalama zimene anthu atulutsadi posachedwapa, pa giredi yofanana ndi yanu. Buku la mitengo la Overstreet, limene linayamba kutuluka mu 1970, limathandiza kudziwa kuti kope ndi liti ndipo muli chiyani, koma msika umathamanga kuposa buku lotuluka kamodzi pa chaka.

Chachiwiri, mwina si komiki imodzimodzi. Komiki yotchuka imasindikizidwanso kachiwiri, kachitatu, ndipo osonkhanitsa amafuna yoyamba. Tsegulani tsamba loyamba kapena lomaliza, pansi pali timalemba ting'onoting'ono tonena chaka ndi kusindikiza kwake. Teenage Mutant Ninja Turtles nambala 1 ya mu 1984, imene Kevin Eastman ndi Peter Laird anasindikiza okha makope pafupifupi 3,000, inasindikizidwanso kangapo, ndipo achinyengo anapanganso yabodza. Mu 1974 kampani ya DC inatulutsanso Action Comics nambala 1 ndi masamba akuluakulu, itavekedwa chikuto china kunja. Ena amachotsa chikuto chakunjacho n'kumati ndi ya 1938. Imadziwika ndi kukula kwake, poti yeniyeni si yaikulu choncho.

Amene muli ku Britain mudzakumana ndi makope a Marvel a m'ma 1960 ndi 1970 olembedwa mtengo wa mapeni m'malo mwa masenti. Si abodza. Anasindikizidwa ku America limodzi ndi anzawo, n'kusinthidwa mtengo pachikuto kuti akagulitsidwe kunja. Kwa zaka zambiri akhala akugulidwa motsika kuposa a masenti, ngakhale kuti ndi ochepa.

Kodi mwini wake wakale amakhudza mtengo?

Nthawi zina. Mu 1977 wogulitsa makomiki wachinyamata, Chuck Rozanski, anagula makomiki zikwizikwi a wojambula wina wa ku Denver, Edgar Church, amene ankagula makope atsopano kuyambira m'ma 1930 n'kumawaunjika m'chipinda chapansi chozizira ndi chouma. Masamba ake anali oyera ngati adzulo. Makope ochokera mumulu umenewo amadziwika ndi dzina lakuti Mile High, ndipo amagulidwa mokwera kuposa anzawo a giredi yomweyo.

Pakati pa wowerenga ndi wosunga, wokonda makomiki weniweni ndi uti?

Mkangano uwu ndi wakale. Wowerenga amati buku losatsegulidwa ndi pepala chabe. Wosunga amati pakanapanda iye, bwenzi lero palibe kope la 1938 loti tilione. Onse akunena zoona, ndipo anthu ambiri ali mbali zonse ziwiri: ali ndi makope angapo amene amawasamala, ndi mulu wina wopindikapindika wowerenga ali chigonere.

Komabe ndi bwino kudziwa kuti awiriwa akugula zinthu zosiyana. Wowerenga akugula nkhani, ndipo nkhaniyo ndi yomweyo kaya ili pa pepala la 1962 kapena pa foni. Wosunga akugula chinthu chenichenicho chimene chinali pa shelefu chaka chimenecho, fungo la pepala lake, zotsatsa malonda zachikale za m'kati, makalata a owerenga a nthawiyo, zimene mabuku osindikizidwanso nthawi zambiri amazisiya. Chimenechonso n'chikondi, ndipo sindichinyoza. Amene amandikayikitsa ndi wachitatu, uja wosawerenga ndiponso wosasamala za mbiri, amene amangoyang'ana nambala ya pa chikalata. Ameneyo ndiye amakweza mitengo mpaka mwana amene akanakonda makomiki kulephera kugula, ndipo msika ukagwedezeka ndiye woyamba kuthawa.

Ndinenenso izi, ngakhale ena sakondwa nazo: makomiki ena odula kwambiri si okoma kuwerenga. Nkhani zoyambirira za m'ma 1930 zinali zazifupi, zolembedwa mothamanga, zojambula zake zosakhwima. Pamene makomiki ena olembedwa mwaluso zedi mumawapeza m'katoni ya dola ija.

Ine ndikungofuna kuwerenga nkhani zakalezo. Ndichite bwanji popanda kuwononga ndalama?

Apa ndiye muli ndi mwayi. Nkhani zotchuka pafupifupi zonse zinasindikizidwanso m'mabuku ophatikiza makope angapo pamodzi, ena achikuto chofewa, ena akuluakulu achikuto cholimba. Marvel ndi DC amatulutsanso makope otengera akale tsamba ndi tsamba, pamodzi ndi zotsatsa malonda zake, pa mtengo wa komiki wamba. Pa intaneti pali Marvel Unlimited ndi DC Universe Infinite, kumene mumalipira pamwezi n'kumawerenga makope zikwizikwi, ngakhale kuti si dziko lililonse kumene zimapezeka. Ngati mukufunabe kugwira pepala lakale, funsani kope la giredi yotsika, lathunthu koma lotha. Limenelo mungalitsegule popanda mtima kugunda.

Kodi ndi nzeru kugula makomiki ngati njira yosungira ndalama?

Alipo amene anapindula, makamaka amene anagula makope osowadi kalekale n'kudikira zaka makumi. Koma mitengo imakwera n'kutsika. Mu 2020 ndi 2021, anthu ali m'nyumba chifukwa cha Covid-19, makope ambiri anakwera modabwitsa, ndipo kuyambira 2022 ambiri anatsika, amene anagula pamwamba n'kutsala manja ali m'khosi. Komiki siibereka chiwongoladzanja. Pogulitsa, kampani ya okushoni imadula gawo lake, kuika giredi kumalira ndalama, kutumiza ndi inshuwalansi kumaliranso zina, ndipo mwini sitolo akamagula kwa inu amapereka zochepa kuti naye adzapezepo kanthu. Ngati ndalamazo ndi za fizi kapena za lendi, zisiyeni kumene zili.

Kuno kwathu kumatentha, dzinja kuli chinyezi. Makomiki ndiwasunge bwanji?

Adani ake ndi dzuwa, kutentha, chinyezi ndi tizilombo. Dzuwa limasulutsa chikuto, makamaka mtundu wofiira, choncho musaipachike pakhoma loyang'ana zenera. Musasunge m'mwamba pafupi ndi denga la malata, kumene masana kumatentha ngati ng'anjo usiku n'kuzizira. Katoni isagunde pansi kapena khoma, chifukwa chinyezi chimakwera ndipo chiswe sichichedwa. Mphemvu nazo zimakonda kunyambita chikuto. Kope lililonse likhale m'thumba lake la pulasitiki, kumbuyo kuli kakatoni kopanda asidi koliwongola, ndipo muwaimike chilili, osawapanikiza. Matumba a pulasitiki yapadera yotchedwa Mylar ndiwo abwino koposa koma ndi odula, a pulasitiki wamba muziwasintha pakapita zaka zingapo. Musaike m'thumba komiki imene ikumveka yonyowa, ingachite nkhungu mkati momwemo. Mphira womangira ndi mapini a mapepala zikhale kutali.

Ndapeza katoni ya makomiki akale. Ndiyambire pati?

Sambani m'manja, muwayale patebulo loyera, kapu ya tiyi ili patali. Yang'anani mtengo wa pachikuto, umakuuzani zaka mwachangu: masenti 10 ndi a 1961 kubwerera m'mbuyo, masenti 12 ndi a m'ma 1960, ndipo ikafika dola kapena kuposa ndiye kuti mwalowa nthawi imene aliyense ankasunga. Lembani dzina, nambala ndi chaka cha kope lililonse kuchokera pa timalemba ta mkati tija, muwerenge masamba ngati ali onse, kenako mufufuze mitengo imene makope otero agulidwa posachedwapa. Amene akuoneka kuti ali ndi mtengo muwapatule, muwajambule kutsogolo, kumbuyo ndi pakati pamene pali timawaya. Musalole munthu woyamba kubwera kuti atenge katoni yonse pa mtengo umodzi musanadziwe zimene zilimo. Ndipo musathamangire kutumiza kunja kukaika giredi: werengerani kaye ndalama ya giredi, yotumizira ndi yobwezera, chifukwa pa makope ambiri ndalamayo imaposa mtengo wa komikiyo.